Za Pakhomo Pathu: Galu Aphunzire Kumva Kuitana

Mwezi uno tikambirane za chiweto chimene chipezeka pa makomo ambiri kuno ku Naperi, ndicho galu. Ambiri a ife timaweta galu poopa akuba. Tsono timam'tsekera m'khola kapena kum'manga pa unyolo usana wonse ndi kum'masula usiku, poganiza kuti akapanda kuzolowera anthu adzalusa bwino. Koma galu wotere sasiyanitsa mbala ndi mwana wa mnansi wodzapala moto m'mamawa, kapena mkulu wa mpingo wodzazonda odwala. Akathamangira munthu, mwini wake angakuwe kufikira mawu atasasa, iye osabwerera.

Nkhaniyi si yaing'ono. Nthenda ya chiwewe imafika kwa munthu makamaka polumidwa ndi galu, ndipo zizindikiro zake zikayamba kuoneka sipakhalanso mankhwala ochiritsa. Ana ena anamwalira nayo pa chipatala cha Queen Elizabeth. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Odziwa za ziweto amati agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa, nthendayi imasowa podzera. Koma galu adzafika bwanji kobayitsa ngati sadziwa chingwe, ndipo salola kugwidwa ngakhale ndi mbuye wake?

Chifukwa chake phunziro loyamba ndilo kumva kuitana. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Yambani kagalu kali ndi miyezi iwiri. Kapatseni dzina lalifupi, ndipo banja lonse ligwirizane mawu amodzi. Bambo akamati "bwera", mayi "tiye kuno", ana naimba likhweru, galu asokonezeka. Nthawi yabwino ndiyo asanadye. Tengani kabonya kapena kambamu ka mkute m'dzanja, taimani patali pang'ono, tchulani dzina lake ndi kunena "bwera" kamodzi kokha. Akafika m'patseni pomwepo ndi kum'sisita. Mphindi zisanu kawiri pa tsiku nzokwanira, pakuti kagalu katopa msanga monga mwana wamng'ono.

Apa pali cholakwa chimene chichitika kawirikawiri. Galu waba ndiwo kapena wathamangitsa nkhuku, mwini wake namuitana, ndipo atafika nam'kwapula. Galu amalumikiza mphotho kapena chilango ndi chimene wachita nthawi yomweyo, osati chimene anachita kale. Tsono chimene waphunzira nchakuti kubwera poitanidwa kumabala ndodo. Mawa sadzabweranso. Galu amene wamvera kuitana asamenyedwe, ngakhale atalakwa chotani.

Phunziro lachiwiri ndilo kukhala pansi. Ikani chakudya pamwamba pa mphuno yake ndi kuchiyendetsa pang'onopang'ono chakumbuyo kwa mutu. Pochitsata ndi maso, adzakhala pansi yekha. Pamenepo nenani "khala" ndi kum'patsa. Akazolowera, azikhala pansi asanalandire mbale yake ndiponso mlendo akamalowa pa mpanda.

Lachitatu ndilo chingwe. M'mangeni kalamba kofewa m'khosi, osati waya, ndipo zala ziwiri zizitha kulowa pansi pake. Yendani naye pabwalo poyamba. Akakoka, imani, chingwe chikalenda, pitirirani. Muzim'gwiranso makutu, mapazi ndi msana tsiku ndi tsiku, kuti tsiku la katemera dzanja la munthu lisadzam'dzidzimutse. Akakwana miyezi itatu akabayidwe, ndipo muzim'bayitsanso chaka ndi chaka.

Anyamata ndi atsikana, ntchito imeneyi ikuyenerani inu, pakuti ndinu mumakhala naye galu mukaweruka kusukulu. Musam'ponye miyala, musam'sereule ali pa unyolo kapena akudya. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Makolo ena adzafunsa ngati galu wophunzira sadzaleka kulonda. Iyayi, kuuwa ndi chibadwa chake, ndipo adzauwabe usiku akamva mgugu wachilendo. Kusiyana kwake nkwakuti mukam'letsa adzaleka. Mlengi anaika zoweta m'manja mwathu kuti tizisamale, ndipo anatilamulanso kukonda anansi athu. Pa makomo oyandikana monga athuwa, kuphunzitsa galu ndiko kusunga malamulo onse awiri.