Mtima Ungadwale Ngakhale Mitsempha Siinatsekeke

M'makomboni muli azimai amene amamva kupweteka m'cifuwa akakwera citunda kapena akasenza madzi, koma akapimidwa ku cipatala amauzidwa kuti mitsempha ya mtima siinatsekeke. Pobwerera kunyumba ena amawanena ulesi, ena amati analodzedwa. Kuweruza kotere nkolakwa.

M'kati mwa mtsempha uli wonse muli kakhungu kopyapyala kamene kamatulutsa mpweya wochedwa nitric oxide. Mpweyawu ndiwo umafutukula mtsempha pamene mtima ufuna magazi ambiri. Akatswiri atatu a ku America, Furchgott, Ignarro ndi Murad, analandira mphotho ya Nobel mu 1998 cifukwa cotulukira nchito ya mpweyawu. Kakhunguka kakaonongeka, mtsempha umakana kufutukuka kapena umafinyika, ndipo mtima umacepekedwa magazi ngakhale njira iri yotseguka. Timitsempha tating'ono kwambiri sitioneka nkomwe pa cithunzi ca angiogram.

Vutoli limagwira kwambiri azimai, makamaka amene analeka kupita kumwezi. Fodya, BP, shuga ndi mafuta oculuka m'magazi ndizo zimaononga kakhunguka.

Conco acipatala asamangobweza wodwala wotere ndi Panadol. Amupime BP ndi shuga, ndipo ululu ukapitirira amutumize kwa madotolo a mtima, monga a ku National Heart Hospital ku Lusaka, pakuti mankhwala alipo.

Banja nalo liri ndi mbali yake. Mcere wa munthu wamkulu usafike magalamu 5 pa tsiku, monga likunenera bungwe la WHO, ndipo wokoka fodya aleke. Ululu ukabwera ndi thukuta ndi befu, abale athamangire naye ku cipatala nthawi yomweyo.