Penti ya pa ulalo wa Luangwa ni nkhani ya m'thumba mwanu

Amai ndi atate a pa Soweto, nshawa ndi nyemba zochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke zimaoloka pa ulalo umodzi chabe: wa Luangwa, ulalo wazitsulo wa mu 1968. Chitsulo chikasowa penti chimadyedwa ndi dzimbiri, monga mbaula yosiyidwa pamvula. Ulalo ukafooka, malole adzaima, katundu adzachedwa, mtengo wa oda udzakwera, ndipo kasitomala adzakwiyira inu, osati anduna. Ndalama za ma toll gate mumalipira kale pa saka iliyonse imene mumaoda. Manje funsani a MP anu: a RDA anaupenta liti komaliza, nanga adzaupentanso liti? Penti ni yochipa, koma ulalo watsopano ni nkhongole ya ana anu.