Gemu Ipulumuke, Koma Batire la Amayi Lipulumukenso

Tchuthi chapitachi, ife ochokera ku Dowa ndi Ntchisi titafika kumudzi tinapeza ang'ono athu ali pa nkhani yachilendo. Ankakambirana za kumanga nyumba dzuwa lisanalowe, za kusaka nkhosa kuti apeze ubweya wopangira bedi, ndi za chilombo chobiriwira chimene chimanyang'ama kumbuyo kwa munthu n'kuphulika pakhomo pake. Tinkayesa ndi filimu imene anaonera ku vidiyo shoo ya pa Mponela. Madzulo ake tinawapeza anayi ataunjikana pakhonde, mitu pamodzi, maso onse pa foni ya amayi awo. Ankasewera Minecraft.

Kwa makolo athu amene sanaionepo, Minecraft ndi gemu imene anaiyambitsa Markus Persson wa ku Sweden. Inatuluka yathunthu mu 2011, kampani ya Microsoft inaigula mu 2014, ndipo pofika 2023 anali atagulitsa makope opitirira 300 miliyoni. M'mbali yake yotchedwa survival, wosewera amayamba ali chimanjamanja pakati pa thengo. Amagwetsa mtengo, kusema zida, kufunafuna chakudya ndi kumanga pobisala, chifukwa kukada kumatuluka zilombo. Usana ndi usiku wa m'gemumo zimatha mphindi 20 zokha. Ntchito ndi imodzi: ufike m'mawa uli moyo.

M'mayiko olemera, gemu yotere ikatuluka anthu amafunsa m'mene ikuyendera pa timakina tosewerera ta m'manja, monga Nintendo Switch ya mu 2017 kapena Steam Deck ya mu 2022. Amawerenga zithunzi zimene makina akujambula pa sekondi imodzi, ngati ndi 30 kapena 60, ndiponso maola amene batire likutenga lisanathe. Ana a ku Mvera, ku Madisi kapena ku Malomo alibe timakina timeneti. Kamakina kawo ka m'manja ndi foni ya banja, yotsika mtengo, ya sikirini yong'aluka pakona. Funso ndi lomwelo, koma kwathu yankho lake limakhudza nyumba yonse. Maganizo athu ndi akuti gemu imeneyi tisaiweruze tisanaione m'mene imayendera pa foni imeneyo, ndipo tikaiona, muyeso wake waukulu ukhale batire.

Tinakhala nawo pakhondepo masiku angapo. Pa foni ya RAM ya 2GB, mphindi zoyambirira zonse zimayenda bwino. Vuto limayamba mwana akatalikira pamene anayambira. Gemuyi simanga dziko lake lonse nthawi imodzi. Imalimanga zigawozigawo pamene wosewera akuyenda, ndipo foni iyenera kukumbukira ndi kujambula mtengo uliwonse, mtsinje uliwonse, nyama iliyonse. Ikalemedwa, chithunzi chimayamba kudumphadumpha. Ukatembenuka kuti uthawe chilombo, foni imaima kaye ngati ikuganiza, ndipo ikamadzayambanso wafa kale. Kenaka kumbuyo kwake kumatentha. Foni ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro pofuna kudziteteza, choncho masana a mu Okutobala gemu imayenda mwaulesi kuposa m'mawa wozizira wa mu Juni.

Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala ake, ndipo ndi aulere. Mukatsitsa render distance, ndiye kuti mtunda umene foni ikujambula kutsogolo kwa wosewera, mapiri akutali amabisika mu nkhungu koma gemu imapepuka. Mukazimitsa mitambo ndi masamba okongoletsa, mukachepetsa kuwala kwa sikirini, mukatseka WhatsApp ndi Facebook, foni imapuma. Kusewera foni ili pa chaja ndiye kuipha, chifukwa kutentha kwa kutchaja kukaphatikizana ndi kwa gemu batire limakalamba msanga. Mwana wa Sitandade 7 tinamuonetsa izi kamodzi kokha, mawa lake n'kuti akuphunzitsa anzake.

Ubwino wina wa Minecraft kwathu kuno ndi wakuti ikalowa mu foni, munthu akhoza kusewera yekha popanda intaneti. Amene anakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akudziwa kuti pali midzi ya m'zigwa imene netiweki amakaipezera pa chulu. Taonani kusiyana kwake ndi Free Fire, gemu ina ya kupulumuka imene anyamata ambiri amaikonda. Inatulutsidwa ndi Garena ya ku Singapore mu 2017; osewera 50 amatsikira pa chilumba, amawomberana, wotsala ndiye wapambana. Anaipanga kuti iziyenda ngakhale pa mafoni ofooka, ndipo imayendadi. Koma imafuna netiweki sekondi iliyonse. Netiweki ikagwedezeka, munthu wako amauma pamalo amodzi, mnzako wa ku tauni n'kumuwombera. Bandulo yapita, mtima wawawa, ndipo mnyamata amafuna kubwezera, ndiye kukapempha ndalama ina. Pa magemu awiriwa, yomanga ndi kulima popanda bandulo ikuposa yowomberana yodya bandulo, ndipo sitichita manyazi kunena choncho.

Koma ngakhale gemu yabwinoyo ili ndi mlandu. Foni ya kumudzi si ya munthu mmodzi. Ndi tochi ya popita kuchimbudzi usiku, ndi wailesi ya abambo, ndi pofikira ndalama za amalume a ku Johannesburg, ndi njira yokhayo yoitanira wakabaza. Nyumba zambiri zilibe magetsi. Batire likatha, wina ayenera kuyenda ulendo kupita nayo pa msika kwa a sola, kulipira, ndi kudikira. Pa nyumba ina ya abale athu, agogo anadwala mwadzidzidzi pakati pa usiku. Azakhali atagwira foni kuti aitane njinga yamoto, inali itathima. Mdzukulu anali atamanga nyumba ya miyala yansanjika ziwiri madzulo amenewo, n'kuibwezera foni pansi pa pilo mwakachetechete. Anayenda mumdima kukagogoda kwa aneba kuseri kwa dambo. Agogo anachira, tithokoze, koma mwanayo anakwapulidwa, ndipo kwa sabata yathunthu m'nyumbamo munalibe kuseka. M'gemu ukafa umadzukanso pa bedi lako. Agogo akanafa sakanadzuka.

Tikudziwa kuti ena mwa akuluakulu athu akamva izi anena kuti basi, tiletse zonse. Tikumvetsa nkhawa yawo, ndipo si yachabe. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti kumwerekera ndi magemu mpaka kusiya sukulu, ntchito ndi tulo ndi matenda. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Koma ife amene tinaphunzira ku sekondale zogonera za mpingo tikudziwa chimene chiletso chopanda chifukwa chimabala. Mafoni anali oletsedwa, komabe ankagona m'masokosi ndi m'matumba a ufa wa phala. Mwana woletsedwa sasiya. Amangosamukira kuseri kwa khola, kumene kulibe womuuza kuti nthawi yakwana. Sitikugwirizananso ndi anzathu ena pano pa koleji amene amati ndi masewera chabe, alekeni ana. Amanena choncho ali ndi soketi pafupi ndi bedi.

Ife tikupempha malamulo atatu amene banja lililonse lingawakwanitse. Loyamba ndi la theka: mwana asewere pokhapokha batire lili pamwamba pa 50 peresenti, ndipo likafika pamenepo aibweze. Theka lotsalalo ndi la agogo. Lachiwiri gemu yomweyo yatipatsa: popeza tsiku lake ndi mphindi 20, mwana apatsidwe masiku awiri a m'gemu, atatha kutunga madzi ndi kulemba ntchito ya kusukulu. Dzuwa lachiwiri likatuluka pa sikirini, nthawi yatha, ndipo palibe wokangana ndi dzuwa. Lachitatu: wotsitsa batire ndiye wopita nayo kotchaja. Mwana akayenda mtunda umenewo kawiri, adzadziwa yekha mtengo wa nyumba yake ya miyala.

Palinso china chimene timakonda kuchilambalala. Minecraft ya pa foni ndi yogulitsa, koma ana athu ambiri amangopatsana makope obedwa kuchokera pa foni ina kupita pa ina. Kutenga cha malonda osalipira tonse tikudziwa dzina lake. Kuwonjezera apo, kope losadziwika kochokera likhoza kubwera ndi vayirasi, ndipo likulowa mu foni yomwe amayi amasungiramo ndalama. Ilipo gemu yofanana nayo, yaulere mwalamulo, yotchedwa Luanti, imene mpaka 2024 inkadziwika ndi dzina lakuti Minetest. Ife amene timapeza intaneti ya pa koleji tingathandize abale athu kuipeza m'njira yoyenera.

Kwa anzathu a maphunziro a uphunzitsi, nkhaniyi ndi yathu kuposa wina aliyense. Posachedwa tikaima kutsogolo kwa ana amene akudziwa kale kuwerengera timabokosi tofunika pa chipinda cha 5 m'litali ndi 4 m'lifupi. Mwana amene amaopa masamu a area pa bolodi amawachita pakhonde osadziwa. Mwana yemweyo amadziwa kuti akagwetsa mtengo m'gemu, masamba ake amagwetsa mbande, ndipo akapanda kubzala adzasowa nkhuni. Tikhoza kumutulutsa panja, kumulozera nkhalango yobiriwira ya pa phiri la Ntchisi, kenaka mapiri ometedwa ndi makala, nkhuni zowotchera njerwa ndi mitengo ya zigafa, n'kumufunsa kuti mbande zake zili kuti. Tikhozanso kumufunsa chifukwa chake tirigu wa m'gemu amacha madzulo omwewo pamene chimanga cha kumunda chimafuna miyezi ndi feteleza. Njala ya pa sikirini imatha ndi kudina kamodzi. Ya mu Febuluwale akuidziwa bwino kuposa amene anapanga gemuyo. Mphunzitsi amene sanaigwirepo gemuyi sangafunse mafunso amenewa. Angathe kulanda foni basi.

Tsono gemuyi imayenda bwanji pa kamakina ka m'manja ka ku Dowa ndi Ntchisi? Imayenda, mukaipepuza, mukaisewerera pamthunzi, foni isali pa chaja. Sifika pa zimene amaona a Steam Deck, koma ana a pakhonde aja sakudandaula. Chimene sichikwanira ndi batire, ndipo limenelo silikonzedwa ndi kudina mu foni koma ndi kukhala pansi banja lonse. Tchuthi chikubwerachi tikafika kumudzi, tisayambe ndi kukalipa. Tikhale pakhondepo, tipemphe mwana atiphunzitse kumanga pobisala usiku woyamba, kenaka ifenso timuonetse kanambala ka pakona ya sikirini, timuuze kuti theka lake ndi la agogo.