Makompyuta ayamba kuperekeza katundu wa mufiriji: kodi mlimi wa ku Angónia apezapo chiyani?

Makampani akuluakulu onyamula zakudya ayamba kudalira luntha la makompyuta, limene pa Chipwitikizi amati inteligência artificial kapena IA, poyang'anira magalimoto ndi makontena okhala ndi firiji. Nkhaniyi ikumveka ngati ya kumadoko akutali, koma posachedwa ingakhudze mtengo wa thumba la mbatata ya reno ku Ulongué ndi dengu la matimati ku Tsangano, ndipo sikuti idzawakhudza mokomera mlimi nthawi zonse.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. M'kati mwa kontena amaikamo timakina ting'onoting'ono toyeza kuzizira, chinyezi ndi mpweya, ndipo timatumiza zimene tapeza kudzera pa netiweki. Kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk inayamba mu 2017 kulola eni katundu kuona pa kompyuta mmene makontena awo akuzizirira ali pakati pa nyanja. Chimene IA ikuwonjezera ndi kulosera. Kompyuta ikaphunzira maulendo zikwizikwi a m'mbuyomu, imatha kuchenjeza kuti injini ya firiji yayamba kufooka isanafe, kuwerengera masiku amene zipatso zatsala nawo zisanawole, komanso kulangiza kuti katundu wotsala pang'ono kuwonongeka atsitsidwe pamsika wapafupi m'malo mopitirira naye ulendo.

Vuto limene akufuna kuthetsa ndi lalikulu. Lipoti la mabungwe a FAO ndi UNEP la mu 2022 linati m'chaka cha 2017 chakudya chokwana matani 526 miliyoni chinawonongeka padziko lonse chifukwa chosowa kozizira. Mlimi wa kumalire safunikira lipoti kuti akhulupirire zimenezi. Matimati akachoka kumapiri ozizira a Angónia n'kutsika ulendo wa makilomita oposa 200 kupita mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupyola madigiri 40, amafika ena atafewa kale. Wopikula amadziwa zimenezo, ndipo amachotseratu zowolazo pa mtengo umene amapereka kumunda.

Koma firiji payokha si yankho ngati woiyendetsa sadziwa zimene wanyamula. Nsomba za pende zochokera ku Cahora Bassa zimafuna kuzizira kwa pafupi ndi digiri 0. Matimati akaikidwa m'kuzizira kotero amawonongeka, chifukwa amafuna madigiri a pakati pa 10 ndi 13. Nthochi zimada khungu zikazizira kuposa madigiri 13. Matimati akamapsa amatulutsanso mpweya umene umachititsa masamba a kabichi kusanduka achikasu msanga. Kusankha katundu woti ayendere limodzi, ndi kuzizira koyenera, ndi ntchito imene kompyuta imaichita bwino kuposa munthu wotopa amene akupakira usiku.

Pa nkhani ya misewu m'pamene malonjezo a IA amafunika kuwamvera mosamala. Amalonda a makinawa amati kompyuta imasankha njira ina msewu ukatsekeka. Izi zimatheka kumene njira inayo ilipo. Namondwe Idai atadula msewu wa N6 mu Malichi 2019, katundu wochokera kudoko la Beira anangoima. Namondwe Ana atawononga mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè mu Januwale 2022, panalibe kompyuta imene ikanawolotsa thiraki. Chimene ingachite ndi kuchenjeza mwini katundu asanapakire, kapena kumuuza kuti mzere wa magalimoto ku Zóbuè, ku Calómuè kapena ku Cuchamano watalika ndipo mafuta a firiji sakwana. Chimenecho si chaching'ono, koma si chozizwitsa.

Funso lovuta ndi lakuti ndani adzayamba kupindula. Yankho lake ndi amene ali kale ndi firiji, ndipo amenewo si alimi a ku Tsangano, Angónia kapena Macanga. Msika waukulu wa Zimpeto ku Maputo umadalira kwambiri mbatata, anyezi ndi matimati ochokera ku South Africa, kudzera pachipata cha Ressano Garcia. Chipatacho chitatsekedwa kangapo kumapeto kwa 2024 chifukwa cha zionetsero za pambuyo pa chisankho, mitengo ya zakudyazi inakwera mumzindawo, pamene mbatata ya ku Angónia inali makilomita oposa 1,500 kumpoto. Alimi a ku South Africa ali ndi nyumba zoziziritsira, magalimoto ndi ndalama zogulira makina atsopanowa. Zowonongeka zawo zikachepa, mtengo wawo utsika, ndipo katundu wawo adzatha kufika kutali kwambiri akuonekabe wabwino, ngakhale m'masitolo a mumzinda wa Tete ndi m'makhitchini a migodi ya ku Moatize. Mlimi wa kumalire angadzapezeke akupikisana ndi kompyuta pamsika wa pakhomo pake.

Pali zitsanzo zosonyeza kuti lusoli lingatsikenso kufika kwa wolima pang'ono. Ku Nigeria, kampani ya ColdHubs inayamba mu 2015 kumanga zipinda zozizira zoyendera mphamvu ya dzuwa m'misika ndi pafupi ndi minda. Mlimi sagula firiji, amangolipira pa kireti iliyonse pa tsiku. Mabungwe awiri a ku Switzerland, BASE ndi Empa, anapanga pulogalamu ya pafoni yotchedwa Coldtivate, imene yagwiritsidwa ntchito ku India ndi ku Nigeria. Imauza mlimi masiku amene katundu wake wa m'chipinda chozizira watsala nawo, kuti asankhe yekha tsiku logulitsa. Amene akudziwa kuti matimati ake akhala bwino sabata ina yathunthu sagulitsa motaya chifukwa choti wopikula waliza injini.

Mwayi wina uli pa magalimoto amene akuyenda kale. Thiraki ya firiji imene yabweretsa karapau kapena nkhuku ku Tete iyenera kubwerera kumene yachokera, ndipo ikabwerera yopanda kanthu mafuta a ulendowo amatayika. Ikatsukidwa bwino ndi kusinthidwa kuzizira kwake, ingatenge masamba ndi zipatso. Pulogalamu ya kompyuta ingathe kulumikiza dalaivalayo ndi alimi makumi awiri amene aliyense ali ndi makireti khumi. Koma pulogalamuyo singalankhule ndi munda uliwonse payokha. Imafuna gulu la alimi lokhala ndi malo amodzi osonkhanitsira, sikelo yokhulupirika, munthu wolemba zimene zalowa tsiku lililonse, ndiponso netiweki yosathawathawa, yomwe m'midzi ina ya kumalire munthu amakaipeza pachulu.

Magulu a alimi ayeneranso kuyang'anitsitsa kuti zolembedwa ndi makinawo zili m'manja mwa ndani. Ngati wogula yekha ndiye akuona zimene timakina tayeza, akhoza kunena kuti katundu anafika wowonongeka ndipo mlimi sadzakhala ndi poyankhira. Ngati onse awiri akuona, zidzadziwika kuti firiji inazimitsidwa maola angati panjira pofuna kusunga dizilo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuilemba m'pangano lililonse ndi wonyamula katundu, makinawo asanafike n'komwe.

Pansi pa zonsezi pali magetsi. Chigawo cha Tete chili ndi damu la Cahora Bassa, lopanga mamegawati 2,075, koma magetsi ambiri amagulitsidwa kunja, makamaka ku South Africa. Boma linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhala ndi magetsi. Pakali pano, gulu la alimi limene likufuna chipinda chozizira kutali ndi mawaya a EDM liyenera kuwerengera mtengo wa masola ndi mabatire, ndi kupeza ogula odalirika amene angadzaze chipindacho ngakhale m'miyezi imene matimati ndi ochepa.