PHYSICS KAPENA CHEMISTRY: MWANA WA KU MIGODI ASANKHE CITI?

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Form 4 zikaturuka, m'nyumba zambiri za ku Zvishavane, Shurugwi, Kwekwe ndi Redcliff mumabuka mlandu umodzi womwewo. Mwana amene wakhoza bwino ayenera kulowa Form 5, ndipo kumeneko saphunziranso zonse monga kale, koma kawiri-kawiri amatenga maphunziro atatu okha, amene adzalembe pa mayeso otsiriza a ZIMSEC pakutha pa Form 6. Mwana amene watenga Masamu, Physics ndi Chemistry pamodzi alibe mlandu. Koma ambiri, akatenga Masamu ndi Biology, kapena Masamu ndi Geography, amatsala ndi malo amodzi okha, ndipo pamenepo ayenera kusankha pakati pa Physics ndi Chemistry.

Makolo ambiri ogwira nchito m'migodi amakankhira mwana ku Physics. Iwo amaona makina tsiku ndi tsiku, amaona injiniya alikuyenda pa galimoto la kampani, ndipo amati njira ndi yomweyo. Maganizo amenewa si opusa ai, koma ali operewera. Mwana wa m'cigawo ca Midlands amene ayenera kusiya cimodzi mwa ziwirizi angacite bwino kusunga Chemistry, pokhapokha ngati ali wamphamvu kweni-kweni pa Masamu, ndiponso mtima wace uli pa uinjiniya.

AMENE ANAKUMBA NDI AMENE ANAYESA

Mabanja ambiri a m'makomboni a migodi imeneyi ndi adzukulu a machona, amuna amene anacoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ena pansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. Iwo anakumba golidi ku Globe and Phoenix ku Que Que, chrome ku Selukwe ndi asbestos ku Shabani. Anadziwa mwala ndi manja ao, nadziwa kulira kwa denga la mgodi likafuna kugwa. Cimene sanaloledwa kudziwa ndico mtengo wa mwalawo. Mwala ukaturuka pansi unali kupita ku nyumba yoyeseramo miyala, ndipo amene anali kulemba ciwerengero ca golidi wopezeka m'menemo anali Mzungu.

Lamulo la nchito la caka ca 1934 linatsekera anthu akuda njira yophunzirira umisiri monga anali kuphunzirira ana a Azungu, ndipo linakonzedwa mu 1959. Sukulu ya Boma ya sekondale ya ana a anthu akuda inayamba ku Goromonzi mu 1946, ndipo ya Fletcher ku Gwelo inatsegulidwa mu 1957, caka comwe University College of Rhodesia and Nyasaland inayamba kuphunzitsa ku Salisbury. Cotero mwai umene mwana wa lero ali nao, wakukhala pansi ndi kusankha pakati pa maphunziro awiri a sayansi, agogo ace sanaulota n'komwe. Mwai wotere suyenera kutayidwa mwa kungotsata zimene anansi alikucita.

CIMENE PHYSICS IMAPATSA

Ndi bwino kuyamba ndi zabwino za Physics, pakuti ndi zambiri. Mgodi uli wonse umaima pa nzeru imeneyi. Mpweya umene umaponyedwa pansi kuti anthu apume, mapampu amene amaturutsa madzi, cingwe cimene cimakweza anthu ndi miyala, magetsi amene amayendetsa zonsezi, ndi nchito ya anthu odziwa Physics. Ku migodi ya platinum ya Unki ku Shurugwi ndi Mimosa pafupi ndi Zvishavane, okumba amasiya mizati ya mwala yocirikiza denga, ndipo kukula kwa mzati uli wonse kumawerengedwa ndi munthu wodziwa kulemera kwa nthaka imene ili pamwamba pace. Cimene cimacitika anthu akamakumba popanda kuwerengera kotere cinaoneka ku Kwekwe m'mwezi wa March 2023 isanathe nyengo ya mvula, pamene pansi pa cipinda cophunziriramo ca sukulu ya Globe and Phoenix Primary panatitimira cifukwa ca mauna a okumba golidi mobisa, ndipo ana oposa khumi anabvulala.

Komatu Physics ya Form 6 ili ndi mwini wace, ndiye Masamu. Mwana amene amabvutika ndi Masamu sangaisenze, ndipo ngakhale atakhoza pang'ono, masukulu a uinjiniya amafuna ziwirizi pamodzi. Kutenga Physics popanda Masamu kuli ngati kugula khasu lopanda mpini.

Palinso cinthu cina cimene makolo ambiri sacizindikira. Mwana amene alikufuna kukhala mmisiri wa magetsi, wokonza makina kapena wowocherera zitsulo safunika Physics ya Form 6 konse. Makampani polemba ophunzira umisiri, ndiponso makoleji monga Kwekwe Polytechnic ndi Gweru Polytechnic, amayamba kuyang'ana mayeso a Form 4, maka-maka Cingerezi, Masamu ndi Sayansi. Bambo amene alikulipira fizi ya zaka ziwiri kuti mwana wace adzakhale wa magetsi pa mgodi alikulipira ulendo wozungulira pamene njira yacidule ilipo.

CIMENE CHEMISTRY IMAPATSA

Cuma ca Midlands cagona m'mzere wa mapiri wochedwa Great Dyke, umene utalika makilomita oposa 500 kudutsa pakati pa dziko. Platinum ya m'menemo sioneka ndi maso. M'tani yathunthu ya mwala mumapezeka magalamu owerengeka okha, ndipo palibe kapitao, ngakhale wa zaka makumi atatu pansi, amene angalase ciwerengero cace poyang'ana. Mwala umaperedwa, nusakanizidwa ndi mankhwala a mtobvu, nusungunulidwa m'kambiya pa moto waukali. Mtobvuwo umakoka golidi ndi platinum yense, ndipo ukacotsedwa pamatsala kamkanda kakang'ono kamene kamaikidwa pa sikelo. Kamkanda kameneko ndiko kamauza kampani ngati ikumbe mbali iyi kapena iileke. Nchito yonseyi ndi Chemistry.

Mwala ukacoka pamenepo, nchito yotsala ndi Chemistry ndithu. Ku Unki ndi ku Mimosa mwala umaperedwa ngati ufa, nuthiridwa m'madzi a mankhwala, ndipo thobvu limanyamula zitsulo zofunika, kusiya mcenga pansi. Ku Kwekwe, ng'anjo za Zimasco zimasungunula chrome wa ku Shurugwi pamodzi ndi makala kuti apange ferrochrome. M'migodi ya golidi, mankhwala a cyanide amasungunula golidi m'mwala woperedwa, ndipo kulakwa pang'ono pa muyeso wace kumataya cuma kapena kupha nsomba ndi ng'ombe kumunsi kwa mtsinje.

Ndiponso mphepo ilikuomba ca kumeneko. Mgodi wa Unki unayamba kuturutsa platinum mu 2011, ndipo mu 2019 unatsegula ng'anjo yace-yace. M'mwezi wa December 2022 Boma linaletsa kutumiza kunja mwala wa lithium wosakonza, mwala umene umapezekanso ku Sandawana m'boma la Mberengwa. Mu 2024 ng'anjo za Manhize, kufupi ndi Mvuma, zinayamba kuturutsa citsulo. Zonsezi zilikunena cinthu cimodzi: dziko lilikufuna kuti mwala uziyengedwa konkuno, ndipo kuyenga kumafuna anthu odziwa cimene cili m'kati mwa mwala.

MGODI UKATSEKEDWA

Wina anganene kuti migodi ndi ng'anjo sizikhalitsa, ndipo anganene zoona. Fakitale ya citsulo ya ku Redcliff, imene inayamba mu 1948 ndi kudyetsa mabanja zikwi zambiri, inazima mu 2008. Mgodi wa Shabanie, umene unamanga tauni ya Zvishavane, unalowa m'manja mwa Boma mu 2004, ndipo patapita zaka zowerengeka unaleka kuturutsa asbestos. Anthu a m'matauni awiriwa adziwa bwino njala imene imatsata mgodi wotsekedwa. Cifukwa cace phunziro liri lonse liyenera kufunsidwa funso ili: kodi lidzamtengera kuti mwanayo tsiku limene mgodi udzatseke cipata?

Pa funso limeneli Chemistry ili ndi makomo ambiri. Masukulu a udokotala amafuna Chemistry, ndipo mwana amene anaisiya pa Form 5 wadzitsekera khomo limenelo, ngakhale atakhoza bwino cotani pa maphunziro enawo. Cimodzi-modzinso amene alikufuna kukhala wosakaniza mankhwala, ndipo woyesa magazi ku cipatala amaidalira tsiku ndi tsiku. Tauni iri yonse ili ndi malo oyeretsera madzi akumwa, ndipo mafakitale a feteleza, a zakudya ndi a zikopa amasunga anthu oyesa katundu wao. Mwana wa Masamu, Biology ndi Chemistry angakhale dokotala, ndipo akalephera kufika kumeneko angapite ku Zimbabwe School of Mines ku Bulawayo, sukulu imene inayamba mu 1926, kukaphunzira kuyesa miyala kapena kuyenga zitsulo. Mwana wa Masamu, Biology ndi Physics ali pakati pa njira ziwiri, wataya ya cipatala, ndipo Biology yaceyo simthandiza pa uinjiniya.

Palinso phindu lina limene silichulidwa pa mayeso. M'mapiri a Shurugwi ndi m'mbali mwa Kwekwe acinyamata ambiri, amene amachedwa makorokoza, amagwira golidi ndi mercury, naiwocha pa moto kuti golidi atsale. Utsi wace umaononga ubongo ndi impso pang'ono-pang'ono, ndipo wowochayo saona kanthu kufikira manja atayamba kunjenjemera. Banja limene lili ndi mwana mmodzi wodziwa Chemistry lili ndi munthu wokhoza kufotokozera abale ace za ciphe cimeneci m'cinenero cao.

Atsikana nao asaiwalike. Makolo ena amati sayansi ya migodi ndi ya amuna cifukwa amaganiza za fosholo ndi baruti. Sikelo ya m'nyumba yoyeseramo miyala sifunsa ngati dzanja ndi la mwamuna kapena la mkazi. Imafuna kusamala ndi kudekha basi.

ZOFUNSA ASANALEMBETSE

Akuru anati safunsa anadya phula. Bambo kapena mai asanapereke fizi, pali zinthu zitatu zoyenera kufunsa kwa mphunzitsi wamkuru.

Coyamba ndico cipinda coyeseramo. Mayeso a Form 6 a maphunziro onse awiri ali ndi cigawo cocita ndi manja. Chemistry imadya mankhwala amene amatha ndi kugulidwanso, pamene zipangizo za Physics zikagulidwa zimakhala zaka. Ngati sukulu ilibe mankhwala, madzi ndi moto m'cipindamo, mwana adzaloweza Chemistry ya pa bolodi, nadzagwa pa tsiku la mayeso. Pamenepo n'kwabwino kufuna sukulu yina, kapena kutenga Physics ngati Masamu ali bwino.

Caciwiri ndiye mphunzitsi. Makolo afunse kuti wakhala pa sukulupo zaka zingati, ndi kuti ana ace a caka catha anakhoza bwanji. Phunziro labwino m'manja mwa aphunzitsi osintha-sintha limabala zipatso zocepa.

Cacitatu ndico zofuna za sukulu ya pamwamba imene mwanayo alikuilinga. Midlands State University ili ku Gweru ndipo ili ndi nthambi ku Zvishavane komweko. Kukafunsa kumeneko n'kwa tsiku limodzi lokha. Maphunziro ena, monga uinjiniya wa zoyenga zitsulo, amayenda bwino ndi Physics ndi Chemistry pamodzi, ndipo mwana amene mtima wace uli kumeneko asiye Biology kapena Geography, asunge ziwirizi ndi Masamu.

Ena pothawa kusankha amatenga maphunziro anai kapena asanu. Mapanga awiri abvumbwitsa. Pa mayeso amenewa A amawerengedwa mapointi 5, B 4, C 3, D 2 ndi E 1, ndipo atatu okhozedwa bwino amapambana asanu okhozedwa mwa apo ndi apo.

Mlanduwu uli m'manja mwa mwana ndi makolo ace, ndipo suyenera kuweruzidwa pa bwalo la mowa kapena pa mzere wolandirira malipiro. Mwana amene Masamu amamkomera, amene amamasula wailesi kuti aone za m'kati, apite ku Physics ndi mtima wonse, pakuti migodi idzafuna anthu otere masiku onse. Koma mwana amene alikukayika, amene sanadziwe ngati adzakhala wa cipatala kapena wa mgodi, asunge Chemistry, cifukwa imamsiyira makomo onse awiri ali otsegula. Agogo ace anasenza mwala zaka zambiri osauzidwa cimene cinali m'kati mwace. Mdzukulu ali ndi mwai wakukhala amene amauyesa ndi kuchula mtengo wace.