Tisese Nkhokwe ya Kompyuta, Koma Tisataye Mbewu

Ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje tidziwa mwambo wa masika. Chimanga chatsopano chisanalowe m'nkhokwe, makolo amayamba atulutsa chakale nasesamo, kuopa anankafumbwe. Koma mbewu yodzabzala saitaya ayi. Amaipachika kudenga kumene utsi uiteteza.

Nzeru yomweyi ifunika pa makompyuta. M'maofesi ambiri muli makina otchedwa seva, osungira zolemba za makompyuta onse olumikizana. Usiku uliwonse zolembazo zimakopedwa, kuti zikaonongeka papezeke pothawira. Tsono kope limodzi likatenga magigabayiti 10, pakutha chaka makope 365 adya magigabayiti 3,650. Malo akadzaza, kope latsopano sililembeka, ndipo anthu amagona mtima uli m'malo, osadziwa kuti ntchito yawo ya sabata ino ilibe mthandizi.

Ena amati, “Musafufute kanthu, mwina tidzakafuna.” Ine nditi makope akale azifufutidwa ndithu, koma mwa dongosolo.

Choyamba, tsegulani kope latsopano muone ngati liwerengeka, musanakhudze lakale. Chachiwiri, sungani makope 7 a masiku apitawa, 4 a masabata ndi 12 a miyezi. Onse pamodzi ndi 23 okha, ndiwo magigabayiti 230. Chachitatu, kope limodzi likhale m'nyumba ina, losalumikizidwa ku intaneti, pakuti moto, mphezi ndi mbala sizisankha. Chachinayi, zolemba monga zotsatira za mayeso ndi makalata a malo ndizo mbewu, zisafufutidwe konse. Nchifukwa chake dziko lathu lili ndi nyumba yosungira zolemba zakale ku Zomba kuyambira 1947.

Musayese kuti ngozi zotere zili kutali. Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina opangira mapasipoti nafuna dipo. Anthu ofuna kupita kunja anadikira masabata ambiri. Tsiku lotere ndilo limaonetsa mtengo wake wa kope labwino.

Mawa ena a ife tidzakhala alembi ndi aphunzitsi, ndipo makiyi a makina amenewa adzakhala m'manja mwathu. Tizolowere lero, ngakhale pa kakhadi ka m'foni: tisanafufute, tiyambe tafunsa mwini zolembazo. Akulu anati safunsa anadya phula.