Nyumba yakwera mtengo, koma kodi mwapindula?

Ku Neno kulibe nyumba zosanjikizana zoti munthu n'kugula mbali yake yokha m'mwamba ngati ku Johannesburg. Msika wa kuno ndi wa mapuloti, nyumba za malata ndi midadada ya lendi. Koma funso la wogulitsa ndi lomwelo: ndikaigulitsa lero, ndapindula kapena ndaluza?

Ambiri timanyengeka ndi manambala. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti munamanga nyumba ya K10 miliyoni kwacha isanagwe, kenako n'kuigulitsa K14 miliyoni itagwa. Anzanu pa WhatsApp akuti mwaphula. Komatu munalowetsa pafupifupi madola 8,500, mwatulutsa 8,200. Pitani kogulitsa simenti ndi malata mukaone ngati ndalamayo ingamangenso nyumba yomweyo.

Chimene chimakwezadi nyumba ndi malo pomwe ili. Pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatuka pa M1, galimoto sizitha ndipo ofuna malo a geni sasowa. Pa boma, lendi imadalira anthu a malipiro a pamwezi: aphunzitsi, apolisi, ogwira ntchito kukhonsolo ndi kuchipatala, kuphatikizapo a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lomwe lili m'bomali kuyambira 2007. Nyumba yomwe dzinja likafika galimoto siifikako, wogula amanenerera mpaka mutu kuwawa.

Ena akugula chifukwa cha chiyembekezo cha msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza ndi damu la magetsi la Mpatamanga pa Shire. Si zolakwika ayi, koma msewuwo watenga zaka zambiri ukumangidwa, ndipo omanga damu ntchito ikatha amabwerera kwawo. Musalipire lero mtengo wa tara yomwe sinafike pakhomo.

Kenako mapepala. Kalata ya amfumu yokha siikwanira kuti banki ikongoze wogula wanu, choncho mumatsala ndi ogula a ndalama za m'thumba, ndipo ndi ochepa. Pogula, kafunseni ku ofesi ya zamalo kukhonsolo, mukumanenso ndi mwinimbumba. Malo omwe mphwake wagulitsa amalume osadziwa amathera pabwalo la milandu.

Tsono musanaike chithunzi cha nyumbayo pa Facebook, funsani mmisiri kuti kumanga ina yotero lero n'zingati. Mtengo wanu uyambire pamenepo.